Mkono wa juzi ya alamu

Ndinabwerako ku koleji m'chaka chachiwiri, teremu isanathe, nditanyamula sutikesi, mabuku anayi ndi nsapato zosayenera matope. Amayi anandilandira bwino, kenako anayamba ntchito yoyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti ndalephera mayeso. Ankanena mokweza, ngakhale kwa amene sanafunse. Masiku amenewo mwana akabwerako kusukulu yaikulu nthawi isanakwane, anthu ankatsitsa mawu n'kuyang'ana kumbali, poganiza kuti walankhula zosayenera za boma. Kunali kwabwino kudziwika kuti ndiwe mbuli. Amayi anatchinjiriza mbiri yanga motero kuyambira pamudzi pathu mpaka pamsika wa Dzoole, ndipo ndimawathokoza mpaka lero, makamaka chifukwa zimene ankanenazo zinali zoona.

Munthu wophunzira sakhalitsa wopanda udindo. Pasanathe mwezi ndinaitanidwa ndi gulu la amayi oluka, limene linkakumana kuseri kwa tchalitchi Lachitatu lililonse masana. Anasankha Lachitatu chifukwa Lachinayi linali lokonzekera magule a chipani, ndipo kumeneko kunalibe wojomba. Mtsogoleri wawo anali mkazi wa akatekisiti, amene tonse tinkawatcha amayi akatekisiti. Iwo anaphunzira kuluka kwa masisitere kumishoni, ndipo ndi okhawo anali ndi singano zenizeni zolukira. Ena onse, kuphatikizapo achemwali anga ndi azakhali, ankalukira masipoko a njinga onoledwa pamwala, kumapeto kwake atabayapo kachidutswa ka labala kuti ulusi usapulumuke. Ulusiwo ankaupeza pomasula majuzi akale a pakaunjika. Ankauchapa, kuuyanika atamangirira mwala kunsi kuti uwongoke, n'kuukulunga timipira.

Anandiitanira pepala. Linali lachizungu, lochokera kumishoni, pamwamba pali chithunzi cha mzungu atavala juzi, akusuta kaliwo, akuyang'ana patali ngati munthu amene sanalimepo. Malangizo anali kuseri, koma theka lake chiswe chinali chitawerenga kale. Ndinamasulira zotsalazo mwaulemu wonse. Atamva, azakhali anati, "Ndiye zomwe timachita kalezi. Mwana uyu anapitira zimenezi ku koleji?" Komabe sanandichotse. Anaona kuti ndimatha kuwerenga manambala osasokonezeka ndi miseche, choncho anandipatsa kope n'kundisandutsa mlembi. Ntchito yanga inali kuwerenga maso, ndiye kuti timalupu tija timakhala pasipoko, ndi kulemba mizere imene munthu waluka.

Kumeneko ndinaphunzira kuti amayi amenewa analinso ndi mabuku awo. Buku lawo linali chovala cha munthu wina. Akaona kalukidwe kachilendo, ankabwereka chovalacho, n'kumasula pang'ono pokha, mwina kutalika kwa zala ziwiri, akuyang'anitsitsa mmene ulusi ukutulukira. Akamvetsa ankalukanso pomwe amasulapo n'kubweza chinthu cha eni ake. Mwini wake nthawi zambiri sankadziwa kuti chipewa cha mwana wake chakhala mphunzitsi kwa masiku atatu. Njira imeneyi inali isanawagwiritsepo mwala.

Tsono panali juzi ya alamu, amuna awo a achemwali. Alamuwo anali mkamwini pamudzi pathu, ochokera kumapiri a ku Ntchisi, munthu wa mawu ochepa kwambiri moti akati "eya" timadziwa kuti lero acheza. Chaka chimenecho iwo ndi amayi anga anali atasemphana pa nkhani ya dimba, ndipo ngakhale ankalankhulana kudzera mwa achemwali monga mwa mwambo, aliyense ankadziwa kuti mkamwini akatopa sachedwa kuchoka. Katundu wake ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa. Achemwali ankayenda mosamala ngati munthu wosenza mtsuko wodzadza.

Juziyo inali yotuwa ngati phulusa, ndipo m'mikono yonse iwiri munkatsika zingwe ziwiri zopotana, ina kudutsa pamwamba pa inzake, kenako kulowa pansi, kuyambira paphewa mpaka padzanja. Inali ya akulu awo a alamu, amene anagwira ntchito kumigodi ku Joni n'kudzamwalira kumudzi ndi chifuwa. Alamu anaipatsidwa pogawa zovala atameta maliro. Ankaivala Lamulungu lokha. M'tchalitchi amuna ankakhala mbali yawo, akazi mbali yawo, ndipo mbali ya akazi yonse inkapemphera mutu utapendekera kumene kunali alamu. Amayi akatekisiti anavomera okha kuti chiyambire chisanu sanamvepo ulaliki wa amuna awo.

Maganizo analipo atatu. Azakhali ankati ndi makina a azungu, munthu sangaluke zotero. Amayi akatekisiti ankati ndi manja, chifukwa iwo anaigwirapo mwangozi potuluka m'tchalitchi, kawiri. Ine monga wophunzira ndinafotokoza kuti zingwezo amaziluka padera, n'kuzipota ngati tsitsi, kenako n'kuzisokerera pamwamba. Ndinajambula ndi chithunzi m'kope. Palibe anachiyang'ana nthawi yaitali.

Mu Juni alamu anapita kwawo kukathandiza alongo awo kukumba mtedza. Anati adzabwera Loweruka la sabata yachiwiri. Juzi anaisiya m'sutikesi, poti kumunda sikofunika zabwino.

Lachitatu lotsatira amayi akatekisiti anayamba ndi pemphero lalifupi kuposa masiku onse, kenako anatembenukira kwa achemwali.

"Ndamva kuti bambo akunyumba achokapo."

"Achokapo, amayi."

"Ndiye juzi ija ili yokhayokha m'sutikesi."

"Ndi ya malemu ija, amayi. Ine ngakhale kuichapa ndimayamba ndapempha."

"Ndani wanena zoipha? Zala ziwiri zokha, mwana wanga. Dzuwa lisanapendeke tabweza."

Azakhali anathira mawu. "Iwe, chinthu chili m'nyumba mwako, ukugona nacho chaka chathunthu, osadziwa kuti chinapangidwa bwanji. Ukanakhala mwana wanga ndikanakubweza kwa anamkungwi."

Achemwali anandiyang'ana ine. Pamwambo ine ndinali mlongo wawo, woyang'anira mbumba, munthu woyenera kunena kuti ayi. Koma ndinkafuna kwambiri kuti gulu lione ndi maso kuti chithunzi changa chinali cholondola. Ndinakhosomola n'kunena kuti maphunziro amafuna kulimba mtima. Achemwali anapita kukaitenga, ataikulunga m'nsalu ngati mwana wodwala.

Anasankha mkono wakumanzere, chifukwa azakhali anati ndiwo wolukidwa mosalala, maso ake ooneka bwino, pamene wakumanja unali wothina mwina ndi mwina. Anayambira kudzanja, poganiza kuti pamenepo m'posavuta kubisa. Amayi akatekisiti anadula ulusi umodzi ndi lezala n'kukoka. Ulusi unakana. Anadula pena, unakananso, unkangomanga mfundo. Apa m'pamene anakumbukira zimene ankazidziwa kale onsewo, kuti choluka chimamasukira kumene wolukayo anathera, osati kumene anayambira. Woluka juziyi anayambira kudzanja n'kuthera paphewa. Ndiye kunali kusomola msoko wonse, kuchotsa mkono pathupi la juzi, n'kuyamba kumasulira kumtunda. Ndinalemba m'kope kuti zala ziwiri zasanduka mkono umodzi.

Chinthu choyamba chimene tinapeza n'chakuti panalibe chosokerera chilichonse. Zingwe zija zinkamera m'nsalu momwemo. Ndinatseka tsamba la chithunzi changa mwakachetechete, monga amachitira anthu ophunzira.

Achemwali ankakoka ulusi pang'onopang'ono, mitu isanu ndi iwiri itaunjikana pamwamba pa manja awo, wanga wachisanu ndi chitatu. Mizere isanu ndi iwiri inali wamba, yoti aliyense pamenepo akanaluka ali m'tulo. Pamzere wachisanu ndi chitatu m'pamene pankachitika zinthu. Maso atatu ankapezeka atadumpha anzawo atatu, akumanja ali kumanzere, akumanzere ali kumanja. Koma ulusi ukangochoka, masowo ankatembenuka okha n'kubwerera m'malo mwawo msangamsanga, ngati ana amene amva mphunzitsi akubwera.

"Mwaona?"

"Ndinaphethira. Kokanso."

"Imani kaye, mutu wanu ukunditchinga, amayi."

"Tione pena. Kamodzi kokha."

Funso linali losavuta kulinena. Maso onse amakhala pamzere umodzi pasipoko, ngati anthu pamzere wa kuchigayo. Woyamba ndi woyamba. Nanga atatu akumbuyo angadutse bwanji atatu akutsogolo popanda wina kugwa? Ndivomere kuti funsoli linandigwira kuposa funso lililonse limene anandifunsapo ku koleji. Ndinkadya ndikuliganiza. Ndinandandalika nyemba zisanu ndi imodzi pakhonde n'kumazisuntha, mpaka amayi anauza anansi kuti kulephera kuja kwafika pena.

Tsiku loyambalo "kamodzi kokha" anatifikitsa pachigongono. Lachisanu tinakumananso mwapadera kunyumba kwa azakhali, ndipo dzuwa likulowa tinali ndi mpira wa ulusi wopiringizika, kachidutswa ka kudzanja kodukaduka, ndi kope lodzadza manambala olondola kwambiri ofotokoza chinthu chimene kunalibenso.

Sabata yotsatira yonse inali yoyesa. Amayi akatekisiti anayesa kuchotsa maso atatu n'kuwagwira ndi zala, koma manja awiri anali kale ndi ntchito, ndipo maso ankathawira pansi n'kusiya makwerero. Azakhali anayesa kuwagwira ndi mano. Wina anapotoza sipoko yonse n'kuluka chinthu chonga chisa cha mpheta. Achemwali anasiya kuseka Lolemba. Lachitatu anafika maso ali ofiira, n'kukhala pansi osatulutsa masipoko.

"Amayi, munati zala ziwiri," anatero motsitsa. "Loweruka ndi ili. Munthu uja akanyamula khasu lake, mudzandilimira ndinu?"

Kenako onse anatembenukira kwa ine, ndipo azakhali anati, "Tatsegula pa chithunzi chako paja."

Umu ndi mmene maganizo anga, atakanidwa ndi umboni, anavomerezedwa ndi mavuto. Achemwali analuka mkono wamba masiku awiri. Amayi akatekisiti analuka timizere tiwiri tatitali, azakhali anatipota, ndipo tinatisokerera pamwamba. Titaimika juziyo patali, munthu wamaso ofooka, ali pa njinga, kukugwa nkhungu, akanatha kunena kuti mikonoyo ndi pachibale. Pafupi, wakumanzere unkaoneka ngati wina wayanikapo matumbo a mbuzi. Unalinso waufupi, poti zingwe zosokererazo zinadya ulusi.

Alamu anafika Loweruka atasenza thumba la mtedza. Lamulungu m'mawa ndinapezeka pakhonde pawo ndi chifukwa chobwereka sopo. Ndinamva sutikesi ikutsegulidwa. Achemwali anali atagwada pakhomo la kuchipinda.

"Bambo, ndalakwa ine. Tinkafuna tione kalukidwe."

Alamu anatuluka juzi ili m'manja. Anayang'ana mkono wakumanja, anayang'ana wakumanzere, n'kudutsitsa chala pa matumbo aja.

"Mwasankha uwu."

"Unali wooneka bwino, bambo."

"Eya," anatero alamu.

Anapita kutchalitchi ndi shati yokha, kuli mphepo yoti ngakhale agalu sanatuluke. Mbali ya akazi tsiku limenelo inamva ulaliki wonse, mitu ili pansi.

Masiku atatu alamu sanadye za m'nyumba mwawo. Ankakazinga mtedza wawo uja pa phale, kuchigafa cha fodya chimene chinali kumapeto kwa munda, n'kumakhala komweko. Achemwali anaona kuti nkhwangwa yachoka pamalo pake, mphasa yatsopano yakulungidwa. Amayi anga anati mwamuna wokwiyira juzi ndi wokwiya kale. Azakhali anandituma. "Ndiwe mlongo wake. Pita ukamve. Ukalankhule ngati munthu, osati ngati buku."

Ndinapita Lachitatu m'mawa, nditakonza mawu oyamba, apakati ndi omaliza. Ndinazungulira kuseri kwa chigafa, kumene kunali dzuwa, ndipo mawu onse atatu anandithawa. Alamu anali atakhala pa mtondo wogwa, miyendo atatambasula, masipoko awiri ali m'manja, akuluka. Mkono wathu uja anali ataumasula wonse, ndipo watsopano unali utakwera kale kupitirira dzanja, chingwe chopotana chikumera bwinobwino pakati pake.

Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Manja awo sanaime.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Khalani apo, alamu. Mukaima mukuonekera kunjira."

Ndinakhala. Ndinawerenga mizere mumtima, poti ndiyo ntchito imene ndinkaidziwa. Pa wachisanu ndi chitatu alamu anatenga kamtengo kansungwi kamene anali atapanira kukhutu, kotalika ngati chala, kosongoka mbali zonse ziwiri. Anatsetserezapo maso atatu n'kukasiya kakulendewera kutsogolo. Analuka atatu otsatira, kenako anabwerera kwa atatu odikira aja n'kuwaluka kuchokera pakamtengopo. Anakabweza kukhutu. Basi. Atatu apatuke pamzere, adikire pambali, anzawo adutse. Amayi asanu ndi awiri ndi munthu mmodzi wa ku koleji tinatha masabata awiri osaganiza kuti singano zingakhale zitatu, chifukwa chibadwire tinkadziwa kuti zolukira ndi ziwiri ngati miyendo.

"Munazidziwira kuti zimenezi?"

Analuka mzere wathunthu. Kenako analankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamvapo chikwatire achemwali.

"Akulu anga anaphunzira m'chipatala cha kumgodi. Anagona miyezi, ndiye ankawapatsa ulusi kuti asamangoganiza. Atabwera kumudzi analuka juzi iyi ali pamphasa, chitseko chotseka, kuopa kusekedwa. Ine ndinkawagwirira ulusi. Thupi analuka okha. Mkono wakumanzere analuka okha. Pofika wakumanja manja anali atayamba kunjenjemera, ndiye ankandiuza, ine n'kumaluka. N'chifukwa chake uli wothina." Anakoka ulusi pampira. "Wabwino uja unali wawo."

Ku koleji sanatiphunzitse choyankha pa mawu otero, kapena anaphunzitsa nditachoka. Ndinafunsa chimene ananditumira.

"Nanga nkhwangwa ndi mphasa, alamu?"

"Ndimalize kaye mkonowu. Ndikavale chinthu chathunthu." Anasema kamtengo kena ndi mpeni n'kundipatsa. "Kawapatseni amayi oluka aja, asamalize majuzi a anthu. Mukanene kuti mwawerenga m'buku. Za ine ayi."

Masana omwewo ndinaima pamaso pa gulu kuseri kwa tchalitchi n'kulengeza kuti, nditafufuza mozama m'mabuku anga, ndapeza yankho. Ndinatulutsa kamtengo. Ndinafotokoza za mzere wa kuchigayo ndi atatu opatuka. Amayi akatekisiti anandilanda ndisanamalize, anayesa, ndipo pa mzere wachisanu ndi chitatu chingwe chinadutsa pa chinzake. Anakhala akuchiyang'ana, kenako anati, "Kamtengo. Zonse zija kamtengo." Azakhali anati iwo anali atatsala pang'ono kuganiza zomwezo.

Achemwali sanayese nawo. Anatenga kamtengoko n'kukatembenuza m'manja.

"Buku liti?"

"Lachizungu, achemwali. Lalikulu."

"Mabuku ako ndi anayi. Ndimawapukuta fumbi ndine. Lili ndi zithunzi ndi limodzi, la mafupa a chule." Anandipatsa masipoko awo. "Taluka tione, aphunzitsi."

Ndinagwira masipoko ngati munthu wogwira nkhanu. Maso awiri anagwa pomwepo.

"Iwe sutha kusenda ndi mbatata yomwe. Kamtengo aka wasema ndani?"

Ndinayankha kuti wofufuza saulula magwero ake. Achemwali anaimirira, anamanga nsalu bwino, n'kulunjika njira ya kumunda. Ndinawatsatira patali, monga woyang'anira mbumba, komanso chifukwa ndinkafuna kuona.

Anafika kuseri kwa chigafa alamu alibe mpata wobisa kanthu. Anagwada chapatali pang'ono, kenako anaona mpira wa ulusi utagubuduzika m'fumbi, anautola, anaupukuta, n'kukhala pansi ataugwira m'manja, akumasula pang'onopang'ono alamu akamakoka. Alamu anapitiriza kuluka ngati palibe munthu. Ine ndinali kuseri kwa mulu wa mapesi, nyerere zikundiyeza.

Patapita mizere yambiri achemwali anati, "Ulusi sukwana, bambo. Tinadula wambiri kudzanja kuja."

"Ndaona."

"Ndili nawo wofiirira. Si wofanana."

"Si wofanana," anavomera alamu.

Analuka mpaka pa mzere wodutsitsa. Anachotsa kamtengo kukhutu, anakayang'ana, kenako anatambasula dzanja n'kupereka zonse, masipoko ndi kamtengo komwe.

"Atatu apa. Ayi, kutsogolo, mukaika kumbuyo chipotokera kwina. Musakoke kwambiri, mayi, mukhala ngati ine."

Achemwali analuka, alamu atagwira mpira. Chingwe chinadutsa.

"Mukatenge wofiirira uja," anatero alamu. "Paphewa ndi panu. Mubwerenso ndi madzi akumwa, mtedzawu wandiumitsa kukhosi. Ndipo muwauze alamu atuluke m'mapesimo, muli njoka."

Madzulo a tsikulo ndinaona achemwali akuchokera kuchigafa atasenza mphasa, alamu ali pambuyo ndi nkhwangwa paphewa, akulowera kunyumba. Lamulungu lotsatira juzi inalowa m'tchalitchi ili ndi phewa limodzi lofiirira, ndipo alamu anakhala kumapeto kwa benchi, mbali yoyang'ana kwa akazi, kuti ofuna kuona aone bwino.